Fyuzi ya Alamu Anga

Rosettenville, Joni
12 Malichi 2023

Nyina Mwayi,

Monire kunyumba. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Mwayi, amama ndi apongozi anga. Ine kuno ndili makora, kachimfine chabe. Achimwene ako a Sosten nawonso ali bwino, anenepa mpaka lamba anachita kuboola bowo lina.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni yako imakhalitsa kotchajitsa pa Kaseye, ndipo ndamva kuti mawu amene ndinakutumizira mwezi watha anamvedwa ndi aliyense amene anabwera kudzameta tsiku limenelo. Ndiye zapamtima ndizipatsira Amos wa thiraki, uja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno mpaka pa Boma. Ameneyo ndimamukhulupirira chifukwa ulesi wake wowerenga ndimaudziwa.

Mu envelopu muli marandi 1,500. Usasinthitse kwa anyamata a pa depoti, amakuba ukuona. Ugule malata awiri a pakhonde, yotsalayo ulipire aganyu m'munda wa nyemba.

Unafunsa za ntchito yanga. Abwana anga ndi mayi Eva, mzungu wachikulire wamasiye. Amagula makina akale a masewera otchedwa pinibolo, ine n'kumawadzutsa m'galaja yawo. Taganiza tebulo lalitali lopendekera, la miyendo yachitsulo, pamwamba galasi. M'kati mumathamanga kampira kachitsulo, kakugunda mabelu ndi kuyatsa timagetsi. M'mbali muli mabatani awiri. Ukadina, timanja tiwiri ta m'munsi timamenya kampirako kuti kasagwere m'dzenje. Basi, masewera onse ndi omwewo. Ndipo azibambo a ndevu zawo amalipira ndalama kuti achite zimenezi.

Amene ndamaliza sabata yathayi anapangidwa ine ndisanabadwe. Ndinawapeza makoswe ataswerana m'kati, mawaya atadyedwa. Ndakhala nawo chiyambire Khirisimasi, kuwotcherera waya umodziumodzi, ndipo atayaka ndinavina ndekha m'galaja ngati wamisala.

Wagula ndi Welcome, mwini shabini ya ku mikuku, tinyumba ta malata tija ndinakuuza. Ndi komwe a Sosten amagwira ntchito, ndipo ndi iwo anamutengera nkhani ya makinawa. Munthuyo sindinamukonde. Amayankhula akuseka, koma mfuti ili m'chiuno ngati foni. Mayi Eva anamulonjeza kuti chikavuta chilichonse, Vitumbiko abwera. Analonjeza ndi pakamwa pawo, miyendo ndi yanga.

Ichi chokha usauze alamu anga a Jessica. Amuna awo a Sosten, amene ankayendetsa chigayo chonse cha pa Boma anthu n'kumawavulira chipewa, kuno amanyamula makireti ndi kukolopa masanzi. Dzina lawo palibe amalidziwa, amangoti "wena Malawi", kutanthauza iwe Mmalawi. Zimandiwawa, Dailesi. Awa ndi anthu amene anakhala pa mpando wa malemu abambo ako n'kulandira ng'ombe za kwathu.

Umupsompsone Mwayi, umuuze kuti nsapato zikubwera.

Ndine mwamuna wako,
Vitumbiko


9 Epulo 2023

Nyina Mwayi,

Monire, ndi Pasaka wabwino. Kalata yako ndinalandira pamodzi ndi nyemba, yewo chomene. Theka adya achimwene ako, akuti za kuno zimakoma ngati sopo. Chifuwa cha Mwayi usachilekerere, upite naye kuchipatala, osati kwa mayi uja wa mizu. Ife tili bwino.

Mwezi uno ndatumiza 900 yokha. Nsapato zadula, ndiye ndagula zokulirapo kuti zimufikitse chaka chamawa. Uike pepala kutsogolo.

Makina aja ayamba kundidya mutu. Akumapsereza fyuzi. Fyuzi ndi kabotolo kagalasi kochepa ngati chala cha mwana, m'kati muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi. Magetsi akachuluka penapake, kawayako kamapsa msanga kuti zina zonse zisapse. Ka m'makinawa kakapsa, timagetsi timayakabe, koma timanja tija timangogwa lende, kampira n'kulowa m'dzenje munthu akuona.

Kukanakhala kusewera chabe, bwenzi anthu akungotukwana. Koma kwa Welcome amabetcha. Munthu amaika malipiro a sabata yonse pagalasi. Loweruka lapitalo timanja tinafa mnyamata wina wa matakisi akutsogola. Anatembenuka n'kunena kuti wopikisana naye wazula pulagi ndi phazi. Sanadikire yankho. Anaswa botolo pa mwendo wa makina n'kumukhapa nalo kumaso. Khutu linatsala likulendewera ndi kachikopa. Anzake a wovulalayo anamugwetsa wa matakisi uja, anamuponda mutu pa simenti mpaka analeka kutukwana. Thandi, mlongo wake wa Welcome amene amagulitsa mowa kuseri kwa zitsulo, ndi amene anakuwa mpaka anamusiya. A Sosten anakolopa. Ine nditafika Lolemba magazi ena anali atauma m'mphepete mwa galasi, ndinachita kupala ndi lezala.

Ndinayamba kukayikira magetsi a pamalopo, poti Welcome amakoka ake pa pholo ndi waya wakuba, komanso kuno akuzimazima ngati kwathu komwe. Ndinayeza ndi mita, ali bwino. Ndinagwedeza waya uliwonse wopita ku timanja, ndinapeza malo awiri pamene mtovu unang'aluka, n'kuwotchereranso. Ndinaika fyuzi yatsopano, ndinasewera mpaka zala kuwawa. Palibe chinapsa. Ndinauza Welcome kuti zatheka. Anandisisita tsaya ngati mwana n'kunena kuti, "Ndi bwino zitheke, Malawi."

Lachisanu inapsanso. Ndasintha mabatani onse awiri. Tiona.

Mbuzi ya mawanga ija usagulitse, ngakhale amalume abwere ndi nkhani yotani.

Ndine wako,
Vitumbiko


7 Meyi 2023

Nyina Mwayi,

Monire nonse. Ndasangalala kumva kuti Mwayi wachira ndipo amama ayambanso kupita kumunda. Ukaona malembawa akuyenda ngati papalasa nkhuku, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja ndinapanidwa ndi chitseko. Si nkhani yaikulu.

Ndalama mwezi uno palibe. Undikhululukire. Chimanga ukakolola usathamangire kugulitsa kwa a njinga ochokera kumalire, mtengo wawo ndi wachipongwe. Ugule mankhwala a anankafumbwe, usunge mpaka Okutobala.

Makina aja tinawanyamula kubwera nawo kugalaja. Ndinawatsegula mimba yonse. Pansi pa kadzanja kalikonse pali koyilo, waya wamkuwa wokulungidwa ngati ulusi, umene umakoka chitsulo magetsi akalowa. Ndinayeza makoyilo onse awiri, ali bwino. Ndinatsata mawaya ndi tochi kufuna pamene pasupuka, osapeza. Sabata yathunthu ndinkasewera m'mawa ndi masana, mayi Eva nawonso ankasewera atavala magalasi awo. Fyuzi inangokhala phee ngati ikutiseka. Tinawabweza kwa Welcome Lachinayi. Loweruka inapsa.

Ndiye undiuze iwe, matenda otani amene amathawa akaona dokotala? Ndikagona ndimaona mawaya. Pena ndimafuna kutenga hamala n'kuphwanya chinthu chimenechi chimene ndinachidzutsa ndi manja anga.

Chitseko ndanena pamwambapa ndi cha makina omwewo, chachitsulo, cha kutsogolo koponyera ndalama. Ndinali nditagwada, dzanja lili m'kati. Welcome anachimenya ndi jombo. Kawiri. Kachiwiriko ndinamva zala zikulira ngati nkhuni. Anthu anali tho, ena akuseka, wina anapitiriza kumwa mowa wake atatsamira makinawo. Ndimafuna kufufuta zimenezi koma pepala ndi lomweli, ndipo kulemba ndi manzere ndi ntchito. Amama usawauze.

A Sosten anandiperekeza kukiliniki. Atandimanga zala zitatu tikutuluka, ndi pamene anati, "Alamu, ng'ombe za kwanu ndinalandira ndine. Mlongo wanga sangasunge mwamuna wopanda manja ine ndili moyo." Ndinawauza kuti asachite chilichonse chopusa. Ndinkaganiza kuti akunena za mpeni.

Mayi Eva analira. Anamuimbira Welcome kuti amubwezere ndalama zake atenge makina awo. Iye anakana, akuti shabini yake sinadzazepo chonchi, ndipo galimoto imene idzabwere kudzawatenga idzabwerera ili phulusa. Kenako mayiwo anati tipite kupolisi. Ndinaseka ngakhale ndinali ndi ululu. Pasipoti yanga masiku anatha kalekale, wotsekeredwa angakhale ine.

Undipempherere, koma osati mokweza kutchalitchi.

Vitumbiko


4 Juni 2023

Nyina Mwayi,

Monire. Kuno kwazizira koopsa, madzi akumauma m'ndowa. Zala zikuchira, chimodzi chokha chapindika, ndiye ndikadzabwera ndizidzakuloza mokhota. Matumba amene wanenawo ndi ochuluka kuposa chaka chatha, wagwira ntchito mkazi wanga. Ndimakusowa, ndipo kuzizira kuno kukundikumbutsa tsiku lililonse.

Mayi Eva akundilipirabe ngakhale ndimangogwira tochi. Ndatumiza 1,200 ndi bulangete la apongozi. Muli ndi envelopu ina ya a Jessica, yonenepa kuposa yako, usachite nsanje.

Imva zodabwitsa. Makina aja achira. Chithyokereni zala sindinapondeko, koma fyuzi sinapsenso. Achiritsa ndi achimwene ako! Tsiku lina m'mawa akukolopa anapempha kiyi kwa Thandi, anatsegula, anatseka, basi. Welcome anawagulira jekete lachikopa. Anawapatsanso kiyi ya makina, tsopano ili pakhosi pawo pa chingwe. Makireti akunyamula wina. Iwo amakhala pa mpando pafupi ndi makina, kusunga ndalama za obetcha ndi kuweruza milandu. Dzina la "wena Malawi" linatha, pano ndi a Injiniya. Thandi amawapakulira nyama asanapakulire mchimwene wake.

Ukanawaona Lamulungu lapitali kutchalitchi cha Amalawi. Jekete osavula, kuyimba mokweza kuposa kwaya. Ndinaonanso munthu uja wa pa chigayo, amene ankati akatsokomola mzere wonse wa azimayi n'kukhala chete. Mtima wanga unakondwa, sindinama.

Koma ndinawafunsa kuti anapeza chiyani. Anaseka n'kunena kuti, "Ndinangoyankhula nawo, alamu. Inu mumawaopa, ndiye amakuzolowerani." Ndinafunsanso, anasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Dailesi, makina sachira ndi mawu. Chimene chinkapsereza fyuzi chija sindinachipeze ine, ndipo sindikukhulupirira kuti chinasamuka chokha. Mwina ndi nsanje yanga chabe, poti munthu wa chigayo wandiposa. Ngati ndi choncho Mulungu andikhululukire.

Khola la nkhumba lija umuuze mng'ono wanga Emmanuel alimange kumunsi kwa nthochi, osati pafupi ndi chitsime.

Ndine wako,
Vitumbiko


Lamulungu m'mawa, 25 Juni 2023

Nyina Mwayi,

Monire. Tili moyo tonse awiri. Ndikulemba mothamanga chifukwa Amos akunyamuka masana ano, ndipo ndili ndi ukali umene ndikapanda kuutsanulira papepala ndiutsanulira pa munthu.

Matenda aja ndawapeza. Dzulo masana ndinapita kwa Welcome opanda zida, ngati womwa wamba. Ndinagula fanta n'kukhala pakona kuonerera. Miyezi yonseyi ndinkayang'ana m'mimba mwa makina, osayang'anapo manja a anthu osewera.

Ine ndi mayi Eva timasewera momenya n'kusiya, kumenya n'kusiya. Awa ayi. Kampira kakatsika amakakola pa kadzanja, n'kudinikiza batani osasiya. Kampira kali pompo, iye akumwa mowa ndi dzanja linalo, akukangana za kubetcha, akudikira mnzake abwere kuchokera kokodza. Chala chili pa batani nthawi yonseyo.

Koyilo ija ili ndi mphamvu ziwiri, yaikulu yomenyera ndi yaing'ono yogwirira. Kadzanja kakafika pamwamba kamayenera kukankha kaswitchi kena kuti mphamvu yaikuluyo ileke. Ka kumanzere sikakutseguka mokwanira. Ukamenya n'kusiya palibe chimaoneka. Ukagwiritsa, koyilo imamwa magetsi ngati ikumenyabe, imatentha, fyuzi n'kupsa. Fyuzi ija sinali yolakwa, inkagwira ntchito yake. Kukonza kwake ndi kupinda kachitsulo kamodzi ndi pulayala, ntchito yotha kapu ya tiyi isanazizire. Zala zanga zinathyokera zimenezo.

Ndili pakonapo ndinayamba kumva fungo. Pansi pa fungo la mowa ndi la mbaula za parafini panali lina, la vanishi akamapsa. Ndinawakodola a Sosten, tinapita kuseri kwa makireti.

Ndinati, "Alamu, pa fyuzi paja munaikapo chiyani?"

Anati, "Nkhani yake ndi imeneyo? Kawaya kamkuwa. Ndinasenda chingwe cha ketulo yakufa n'kukulunga bwinobwino. Chigayo cha pa Boma chinayenda zaka zingati ndi waya wotere? Ufa wake munadya nawo inu."

Ndinati, "Chigayo ndi chitsulo chokhachokha, chili pa simenti. Ichi ndi thabwa louma, lodzaza fumbi ndi mapepala. Mwachotsa mlonda, wakuba akadali m'nyumba. Ndipatseni kiyi."

Anagwira kiyi ija pachifuwa. "Pano? Anthu ali tho chonchi? Mutsegule, muzule waya wanga, onse aone kuti Injiniya ndi wa bodza? Ndiye fyuzi yanu ikapsa mawa pa mpikisano wa kutha kwa mwezi, akuthyoleni dzanja linalo? Ine ndinachitira inu zimenezi."

Dailesi, akanakhala Emmanuel kapena mng'ono wanga wina aliyense, ndikanamutchaya khofi n'kudula chingwecho pakhosi. Koma awa ndi alamu aakulu. Kwathu sindingawadutse kutsogolo osawerama, ndiye ndiwavule pamaso pa anthu achilendo? Komanso Welcome akadziwa, sangawafunse mafunso. Ndinameza mawu anga.

Tagwirizana za mawa Lolemba m'mawa, Welcome akapita kokaoda mowa. Tikatsegula awiriwiri, ndikapinda kaswitchi, ndikaika fyuzi yeniyeni, ndipo ulemu wonse ukhalabe wawo. Lero ndawapempha kuti azizimitsa makina pakati pa masewera kuti azizire, ndi kuletsa anthu kugwiritsa batani. Avomera ndi mutu, koma ndani angaletse woledzera amene waika malipiro ake pagalasi? Ndipitako masana ndikakhale pafupi ndi pulagi.

Achimwene ako ndi ouma mutu ngati iwe. Ndatumiza 700 ndi shuga.

Vitumbiko


2 Julayi 2023

Dailesi,

Monire. Ndili m'chipatala koma ndikuyankhula ndipo ndikudya. A Sosten ali m'chipatala chomwechi, chipinda china cha pamwamba. Sakuyankhula.

Kalatayi ndapatsira mnyamata wa basi ya ku Mzuzu. Ukangoilandira, tseka nyumba, Mwayi umusiye kwa amama, upite ukakhale ndi apongozi anga ndi a Jessica. Zimene ungamve kotchajitsa foni usazitengere kwa iwo. Ndikakhala ndi chonena ndiimbira abusa.

Ugulitse mbuzi ija.

V.


16 Julayi 2023

Nyina Mwayi,

Ndikupatsa moni chifukwa ndi mwambo, koma ndikudziwa mmene mulili kumeneko. Abusa anakuuzani. Kalata iyi ili m'galimoto imodzi ndi achimwene ako. Ine sindikubwera nawo. Nthiti zinayi ndi chiuno zimene zinathyoka sizingandilole kukhala pa mpando ulendo wonsewo, adokotala akana. Amalawi a kutchalitchi ndi mayi Eva ndi amene asonkha za ulendowu. Amos akudziwa zonse za mapepala a pamalire, musamuvutitse ndi mafunso.

Unandifunsa pa foni ya abusa kuti chinachitika n'chiyani, ine n'kungolira. Ndikuuza pano kamodzi, ndipo sindidzanenanso.

Lamulungu lija ndinafika mochedwa. Matakisi anali ochepa, ndipo nditafika munali modzaza moti pulagi sindinathe kuifikira. Ndinali pakhomo pamene ndinaona utsi ukuyenda pansi pa galasi. Wosewerayo sanasiye batani, ankaopa kutaya kampira. Ndinakuwa kuti zimitsani, koma wailesi inali pamwamba. Wina anaona moto m'kati n'kuswa galasi ndi botolo kuti athiremo mowa. Mpweya utalowa, moto unadumpha mpaka kudenga. Pothawa anthu anagwetsa mbaula ya parafini.

Thandi anali kuseri kwa zitsulo zake, ndipo Welcome amakhoma loko kunja pa masiku a ndalama zambiri. Pamene ankapeza kiyi, tsitsi ndi manja a mtsikanayo zinali zitapsa. Ali moyo, koma nkhope ija sidzabwerera. Mikuku ina yoyandikana nayo inapsanso. Anthu anataya zonse.

Moto usanazime n'komwe, mayi wina anandiloza. "Uyu ndi wa makina!" Sindinathawe, ndikanathawira kuti? Njerwa yoyamba inandipeza pamsana. Anandikokera pakati pa msewu ndi miyendo. Zikwapu, mapaipi, nsapato. Ndinkamva akukuwa kuti ife makwerekwere, obwera akunja, tawaotchera nyumba. Welcome anafika, manja ake atapsa ndi loko uja, anandiponda pachifuwa n'kuitanitsa tayala loti andiotchere. Ana ankajambula ndi mafoni. Ndinaganiza za Mwayi, ndipo ndinadziwa kuti kwatha.

Achimwene ako anali atapulumuka, Dailesi. Ichi ndikufuna uchimvetse. Anatulukira khomo la kuseri, anawoloka njanji, anali kale pa siteji ya matakisi. Mmalawi wina wogulitsa tomato pamenepo anawagwira jekete kuti asabwerere. Anamusiyira jeketelo m'manja.

Ndinawamva ndisanawaone. Mawu aja a pa chigayo, oposa phokoso la injini. Anadutsa pakati pa gulu akukankha anthu, kiyi ili m'mwamba, akukuwa m'Chizulu chawo chothyokathyoka chosakaniza ndi Chichewa. "Musiyeni! Uyu sanakhudze makina chithyokereni dzanja! Injiniya ndine! Waya ndinaika ndine! Welcome, iwe ukudziwa, kiyi unandipatsa wekha!"

Phazi linachoka pachifuwa panga. Ndinayesa kunena kuti akunama, koma m'kamwa munali magazi okhaokha. Ndipo sankanama.

Sanathawe ndipo sanagwade mpaka paipi inawapeza m'mawondo. Ndinali chigonere pafupi, ndinaona zonse. Anthu aja anandiiwala ngati sindinakhalepo. Njerwa zinkatsika pamutu pawo. Mmodzi anabwera ndi chidutswa cha simenti chonyamula ndi manja awiri. Apolisi anafika tayala lisanayatsidwe, n'chifukwa chake muli ndi thupi loti muike. Anakhala akupuma ndi makina a chipatala mpaka Lachiwiri la sabata yathayi, osatsegula maso.

Ndawakwiyira, Dailesi. Ndimadzuka ndikuwakalipira. Kawaya ka ketulo! Munthu wamkulu, wa ana anayi! Ndikamaliza kuwakalipira ndimakumbuka kuti ndikupuma, ndiye ndimasowa kolowera. Ana a a Jessica ndi anga tsopano. Uwauze choncho pamaso pa abale onse, asadere nkhawa za sukulu.

Tsopano mvera bwino, ili ndi pempho langa lalikulu. Galimoto ikafika, apongozi adzafuna kuona nkhope ya mwana wawo. A Jessica adzafuna. Akuluakulu a mpingo adzanena kuti ndi mwambo, munthu sapita osatsanzikidwa. Usalole. Udzaime pamutu pa bokosi, ngati kuli kofunika udzaligonere. Adzakunena kuti ndiwe wamwano, udzavomere. Uwauze kuti ine ndinawaona, ndinawasambitsa ndi dzanja langa, ndinawaveka suti, ndipo ndi iwo ndithu. Chithunzi cha pa ukwati wathu chija, ataima kumbuyo kwako, ndi chimene muike pamwamba.

Ndinapempha a nyumba ya maliro kuti misomali ya pa chivundikiro ndikhome ndekha. Anandinyamula pa njinga ya odwala n'kundipatsa hamala. Ndakhoma yambiri dala.

Ndine mwamuna wako,
Vitumbiko